Kompyuta ya Alamu

"Ndiye mukufuna nditani? Ndikamutukwane mng'ono wanga chifukwa cha kompyuta?"

"Ine sindinati mukamutukwane. Ndati mukamufunse."

"Ndikamufunse chiyani?"

"Mukamufunse ngati chinthu chimene anatigulitsachi chili chathu, kapena tikungochita lendi."

Mwamunayo anagwetsera supuni m'kapu, tiyi n'kudonthera pansalu ya patebulo. Mkazi wake anali chiimire pakhomo la kukhitchini, makiyi a kusitudiyo ali m'manja. Anthu a mumsewu wawo ankamutchula kuti Mayi Zithunzi. Mwamuna wake ndiye ankayenda ndi kamera m'maukwati ndi m'masukulu, koma chithunzi chilichonse chinkadutsa m'manja mwa mkaziyo. Iye ndiye ankasankha zabwino, kuwalitsa nkhope zimene zada, kufufuta ziphuphu za akwati, kenako n'kusindikiza.

"Dzulo kunabwera bambo wina wofuna zithunzi za pasipoti," anapitiriza mkaziyo. "Basi yake inali pafupi kunyamuka. Ndamujambula bwinobwino, ndikuti ndisindikize, kompyuta ikuti, 'Dikirani, musazimitse.' Tinangokhala pamenepo tikuyang'anizana ngati tili pamaliro. Mapeto ake munthu uja ananyamula chipewa chake n'kumapita."

"Zimachitika zimenezo. Makina amakono amafuna kudzikonza."

"Azidzikonza nthawi ya ntchito? Bwanji osadikira tiweruke?"

"Inu mayi a mwana, m'mawa uno ndilibe nazo mphamvu zimenezi."

"Mphamvu ndi ine ndilibe. Sabata yatha inali layisensi ya pulogalamu yokonzera zithunzi. Tisanapume, uthenga wabwera woti antivayirasi yatha. Kenako malo osungira zinthu pa intaneti adzadza, onjezerani. Kamera ya pakhomo nayo ikufuna zake. Palinso china chimene chimatumizira makasitomala mauthenga a tsiku lawo lobadwa. Anapempha zimenezo ndani? Nsapato za mwana zayasama kutsogolo, ife tili kalikiliki kudyetsa bokosi."

"Kompyuta yakale ija inali itakalamba."

"Inali itakalamba, koma inkamva. Ndikati tsegula chithunzi, inkatsegula. Ndikati sindikiza, inkasindikiza. Sinkandifunsa mafunso."

"Mng'ono wanga anapita kusukulu ya zimenezi. Ife tingadziwe kuposa iye? Ndiponso anatichotserako mtengo monga abale. Mukufuna amayi amve kuti mwana wawo watithandiza, ife n'kumubwezera mwano?"

"Kutichotserako pogula, n'kumatisenda pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Chibale chake chimenecho?"

Mwamunayo anaimirira, nakoleka chikwama cha kamera paphewa. "Ndachedwa," anatero. Chitseko chinatsekeka, ndipo Mayi Zithunzi anatsala akuyang'ana banga la tiyi pansalu yake yoyera.

Situdiyo yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi shopu ya mafoni. Kumbuyo kunali nsalu yabuluu yojambulirapo ndi magetsi awiri a maambulera. Kutsogolo kunali kauntala, pulinta yaikulu, ndi kompyuta yatsopano ija, yakuda, yonyezimira, ikung'ung'udza tsiku lonse ngakhale palibe woigwira.

Patapita masiku ochepa, pulinta inangoti zii. Kompyuta inali itadzikonzanso, kudzikonza kuja amakutcha apudeti, ndipo itatha kudzikonzako inaiwala kuti ili ndi pulinta. Mayi Zithunzi anazimitsa, kuyatsa, kuzula chingwe, kubwezera, koma ayi ndithu. Makasitomala anabwerera. Mayiyo anaimbira mlamu wake.

Mlamuyo anafika dzuwa litapendeka, atavala shati yoyera yosita bwino, mafoni awiri m'dzanja limodzi. Ankagwira ntchito kukampani ina yogulitsa makompyuta ndi mapulogalamu kwa amalonda ang'onoang'ono. Anthu anam'patsa dzina loti Apudeti, chifukwa vuto lililonse limene ungamuuze, ngakhale la mutu, yankho lake linali lomwelo: "Pakufunika apudeti."

"Alamu, alamu! Mwaichitanso chiyani kompyuta yanga?" anatero akuseka.

"Mwanena zoona. Ndi yanudi."

Apudeti anakhala pampando wa mlamu wake n'kuyamba kugogoda mabatani. Anatsegula apa, kutseka apo, kuimbira mnzake, kukanda mutu. Kenako anawomba m'manja.

"Ndaligwira. Apudeti yatsopano ya sisitemu yakangana ndi pulogalamu ya pulinta. Ndiibweza mmbuyo, kenako ndizimitsiratu maapudeti onse. Simudzaonanso 'Dikirani' uja."

"Sisitemu ndiye chiyani?"

"Ndiyo mayi wa zonse. Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Mapulogalamu enawa amangokwera pamsana pake."

"Nanga si inu munati apudeti ndi imene imatseka mipata kuti akuba asalowe?"

"Ee, koma mukufuna pulinta kapena simukuifuna? Tidzayatsanso a pulinta akatulutsa yawo. Ndidzakumbukira."

Mayi Zithunzi anaweramira pasikirini. Mlamu wake anali atatsegula mndandanda wa zinthu zimene zinkayenda mkati mwa kompyutayo. Unali wautali, wotsika mpaka pansi, mayina ake osadziwika mutu wake.

"Zonsezi zikugwira ntchito panopa?"

"Zonse."

"Ichi n'chiyani?"

"Chimalumikiza kompyuta ndi kamera ya pakhomo."

"Nanga ichi?"

"Icho n'chabwino kwambiri. Mukangolowetsa khadi la m'kamera, zithunzi zimasamuka zokha, khadi n'kutsala loyera, lokonzeka ntchito ina. Kenako china chimazikopera mukabokosi kakuda aka, chinanso n'kuzitumiza pa intaneti. Malo atatu, alamu. Ngakhale situdiyo itapsa, zithunzi zilipo."

"Nanga ichi?"

Apudeti anatsinzina diso limodzi, kuyandikitsa nkhope. "Icho... chimabwera ndi phukusi la mapulogalamu limene munagula."

"Chimachita chiyani?"

"Chimathandizira zinzake."

"Simukuchidziwa."

"Alamu, ngakhale dokotala sadziwa dzina la mtsempha uliwonse. Taonani ichi." Anatenga foni yake n'kuyamba kuisisita ndi chala. Kamuvi ka pasikirini kanayamba kuyenda kokha, palibe wogwira. Mayi Zithunzi anabwerera mmbuyo.

"Mwaona? Ndikhoza kulowa muno ndili kuofesi, ndili pabedi, kulikonse. Mukakhala ndi vuto ndimangolowa."

"Ndiye lero bwanji simunangolowa? Ndakudikirani tsiku lonse."

"Ndinali ndi makasitomala ena."

"Ngati inu mungalowe, wina sangalowe?"

"Pali pasiwedi."

"Akuidziwa ndani?"

"Ine, ndi anzanga a kuofesi. Anthu okhulupirika."

"Alamu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Chotsani zonse zimene sitigwiritsa ntchito. Mundisiyire chokonzera zithunzi ndi chosindikizira basi. Zina zonsezi sindikuzifuna, ndipo ndatopa kuzilipira."

Apudeti anaseka mpaka kugwira pamimba. "Sizitheka zimenezo. Zinalukana. Mukachotsa ichi, icho chikomoka. Ndiponso mgwirizano wake ndi wa phukusi lonse. Komatu pali phukusi lina lalikulu, la chitetezo chapamwamba. Mukawonjezera pang'ono..."

"Pulinta yayamba?"

"Yayamba."

"Zikomo. Moni kunyumba."

Kumapeto a sabata imeneyo kunali ukwati wa namwino wina wa pachipatala chapafupi, mtsikana wofatsa amene ankabwera kawirikawiri kudzasindikiza zithunzi za ana a achemwali ake. Bambo ake anali atagonekedwa m'chipatala kwa nthawi yaitali, koma tsiku limenelo anaumirira kuti atuluke. Anafika panjinga ya odwala. Itakwana nthawi yoperekeza mwana wawo kutsogolo, anakana kukankhidwa. Anaimirira.

Mwamuna wa Mayi Zithunzi anabwerako kojambula ukwatiwo ali wosangalala ngati mwana. Anaiwala zoti m'nyumba munali mkangano.

"Mayi a mwana, lero ndajambula chithunzi cha moyo wanga wonse. Mukachione nokha. Musachikonze kwambiri, chili bwino mmene chililimo."

M'mawa mwake anapita kusitudiyo, nalowetsa khadi m'kompyuta. Zithunzi zinasamuka zokha monga mwa nthawi zonse, khadi n'kutsala loyera. Mwamunayo analibwezera m'kamera, ndipo sabata yonse yotsatira anali kusukulu ina yaikulu akujambula ana, kalasi ndi kalasi. Mayi Zithunzi anayamba kukonza za ukwati zija. Pa chithunzi cha bambo ndi mwana wawo anakhalapo nthawi yaitali, osati chifukwa chinali ndi chilema, koma chifukwa sankafuna kuchitseka.

Asanamalize ntchitoyo, uthenga unamveka kuti bambo aja amwalira.

Namwino uja anaimba foni maliro atatha. Mawu ake anali osasa. "Amayi, za ukwati zonse zija musathamange nazo. Ndikungofuna chimodzi, chija tikuyenda ndi adadi. Mundisindikizire chachikulu, cha mufelemu. Amayi anga akuchifuna pabalaza."

"Musadandaule, mwanawe. Mawa chikhala chitatheka."

Mawa lake Mayi Zithunzi anatsegula situdiyo molawirira, atagula kale felemu yakuda ya m'mphepete mwagolide. Anakhala pansi, nagwedeza mawusi. Sikirini inayaka yofiira.

Poyamba anayesa kuti ndi apudeti ina. Kenako anawerenga. Uthengawo unkati zinthu zonse za m'kompyutamo zatsekedwa, ndipo ngati akuzifuna alipire. Ndalama zimene eni uthengawo ankafunazo, ngakhale atagulitsa kamera, magetsi ndi pulinta, sizikanakwana. Anatsegula foda ya ukwati. Mayina a zithunzi anali atasanduka zilembo zosakanikirana, ndipo palibe chimene chinkatseguka. Anatsegula kabokosi kakuda kaja. Chimodzimodzi. Analowa pa intaneti ndi foni yake, kumalo achitatu aja. Kumenekonso pulogalamu yokhulupirika ija inali itagwira ntchito yake: inatumiza zithunzi zotsekedwazo n'kuzisanjika pamwamba pa zabwino.

Anaimbira Apudeti. Foni yoyamba inaitana mpaka kuduka. Yachiwiri inali yozimitsa.

Mwamuna wake atafika anapeza mkazi wake atakhala pansi penipeni, atatsamira kauntala, felemu yopanda kanthu ili pamiyendo.

"Khadi," anatero mkaziyo osatukula mutu. "Khadi lija lili kuti?"

Mwamunayo anayang'ana kamera imene inali pakhosi pake. Munali nkhope za ana asukulu zokhazokha.

Ananyamula kompyutayo, kabokosi ndi khadi, n'kupita nazo kwa mayi wina wokonza makompyuta kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Kashopu kake kanali kodzadza zingwe ndi makina ophwasula. Mayiyo anawauza kuti akhale pabenchi. Anagwira ntchito mwakachetechete nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, kenako anatembenuza mpando.

"Sindikunamizani. Zotsekedwazi sindingazitsegule. Pakhadi napo ndayesa, koma zatsopano zinalembedwa pamwamba pa zakale. Ndapezako zidutswa, keke, nsapato za anthu ovina. Chimene mukufunacho palibe."

"Analowera pati?" anafunsa Mayi Zithunzi. "Ine sinditsegula zinthu zachilendo. Ngakhale nyimbo sindimvera pamenepo."

"Si inu. Analowera pa pulogalamu yolowera munthu ali kutali. Inali yotsegula usana ndi usiku. Mpata umene anadutsirawo eni sisitemu anautseka kale, koma kuno maapudeti anali ozimitsa. Anazimitsa ndani?"

Mwamuna ndi mkazi anayang'anana.

"Anazimitsa kuti pulinta igwire," anatero mkaziyo.

"Ndi mmene zimakhalira. Mukaunjika zinthu zambiri pakompyuta imodzi, zimayamba kupondana. Kuti ichi chigwire, muzimitsa icho. Ndipo chilichonse chimene mwaikamo chimafuna munthu wochiyang'anira, wochikonza, wochilipira. Inu muli naye munthu wotero?"

"Tili ndi alamu anga."

"Mapulogalamu ambiri amene ndawapeza umu simunawatsegulepo chigulireni. Koma amayenda, ndipo ena amalankhula ndi kunja." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Si inu oyamba sabata ino. Kwabwera wa famase, kwabwera wa sukulu yoyendetsa galimoto. Phukusi lomweli, ndipo pasiwedi yolowera inali imodzimodzi konseko."

"Tikalipira atitsegulira?" anafunsa mwamunayo ndi mawu otsika.

"Ena amatsegula, ena amalandira n'kuzimiririka. Ine sindingakuuzeni kuti mugulitse kamera chifukwa cha lonjezo la wakuba."

Pobwerera mwamunayo ananyamula kompyuta pachifuwa ngati mwana wodwala. Mayi Zithunzi ankayenda kutsogolo. Ankafuna kunena kuti, ndinanena ine. Mawuwo anafika pakamwa kangapo, koma ataona mmene mwamuna wake anagwetsera nkhope, anawameza.

Apudeti anaonekera Lamlungu masana, ndipo sanabwere yekha. Anatsogoza amayi ake. Apongoziwo analowa akupuma mwamphamvu, nakhala pampando waukulu wa pabalaza, chikwama chili pamiyendo.

"Ndamva kuti m'nyumba muno mukumuipitsira mbiri mwana wanga," anayamba motero asanalandire n'komwe moni.

"Palibe amene waipitsa mbiri ya munthu, amayi," anatero Mayi Zithunzi. "Tamufunafuna sabata yonse, mafoni osayankha."

"Ndinali kothamangathamanga, alamu," anatero Apudeti. "Si inu nokha mwakhudzidwa. Zinthu izi zikuchitika dziko lonse. Ngakhale mabanki amabedwa."

"Ife si banki. Ife timajambula zithunzi."

"Ndiye ndikunena kuti musataye mtima. Ndalankhula ndi abwana anga. Avomera kukuikirani zonse mwatsopano, komanso kukupatsani phukusi lachitetezo lija pamtengo wotsika. Mukanalitenga tsiku lija ndinakuuzani, bwenzi pano tikuseka. Lija limasunga ngakhale zithunzi zakale zimene zafufutidwa."

Mayi Zithunzi anamuyang'ana m'maso.

"Ndiye mukuti chitetezo munatigulitsa chija sichinali chitetezo? Chenicheni munachisunga kuseri, kudikira kuti tiwonjezere?"

"Zili m'magulumagulu, alamu. Aliyense amagula malinga ndi thumba lake."

"Thumba langa linkafuna zinthu ziwiri. Munandisenzetsa mulu. Ndinakupemphani kuti muchotse, munaseka. Ndinakufunsani ngati wina angalowe, munati pali pasiwedi. Pasiwedi yomweyo munapatsa wa famase ndi wa sukulu ya galimoto!"

"Wakuuzani zimenezo ndani? Mayi wa kusiteshoni uja? Amene uja ndi wansanje, timamulanda makasitomala. Ndiponso ndani akudziwa zimene mumatsegula pakompyutapo mukakhala nokha? Mwina munadina chinachake."

"Inu alamu, muope Mulungu!"

"Basi, basi!" anatero apongozi akumenya chikwama ndi dzanja. "Mkazi wanji wokalipira mlamu wake chonchi pamaso panga? Mwanayu anakuchitirani chifundo. Makina amawonongeka, nanga anawapanga ndi iye? Za m'banja zithere m'banja. Chithunzi ndi pepala chabe. Mukufuna abale adane chifukwa cha pepala?"

"Amayi, bambo a mtsikana uja anamwalira. Linali tsiku lomaliza kuimirira ndi miyendo yawo."

"Ndiye mwana wangayu ndi amene anawapha?"

Mayi Zithunzi anatembenukira kwa mwamuna wake. Chiyambire anali atakhala pakona, zigongono pamaondo, akuyang'ana pansi. Mkaziyo anadikira. Ankadziwa mmene zinkathera nthawi zonse: mwamuna wake ankati amayi anena zoona, tiyeni tizisiye, kenako n'kutuluka panja. Anakonzeka kumva zomwezo.

Mwamunayo anatukula mutu, koma sanayang'ane mkazi wake. Anayang'ana mng'ono wake.

"Iwe, tandiuza. Pulogalamu iliyonse imene unatiikira, umalandirapo kanthu?"

"Achimwene, funso lanji limenelo?"

"Ndafunsa."

"Ndi bizinesi, achimwene. Aliyense amadya pamene wagwira ntchito."

"Mwezi ndi mwezi? Ife tikalipira, iwe umalandira?"

"Kangachepe chabe."

"Ndi zija sitinazitsegulepo zomwe?"

Apudeti anayang'ana foni yake ngati yalira.

"Maapudeti aja unati udzayatsanso. Unayatsa?"

"Ndinali ndisanapeze mpata. Makasitomala ndi ambiri, achimwene, munthu mmodzi sungakumbukire zonse."

"Sungakumbukire zonse, koma ukugulitsabe." Mwamunayo anaimirira. Mawu ake sanakwere. "Chabwino. Zandalama zisiye, sindikuzifuna. Ndikupempha chimodzi. Ife tikupita kwa namwino uja panopa kukamuuza. Tiye limodzi. Ukaime pamenepo, ukamufotokozere za maphukusi ako."

"Ine? Ine kasitomala wanga ndi inu. Iyeyo sindimudziwa. Ndiponso mumgwirizano munasaina muja zinalembedwa kuti kampani siyankha mlandu wa zinthu zotayika."

"Ndinasaina osawerenga chifukwa unandipatsa ndiwe."

"Mwana wanga, usamuchititse manyazi mng'ono wako," anatero amayi awo, mawu atafewa. "Ukamutenge akatukwanidwe ndi anthu achilendo?"

"Nanga mkazi wangayu, amayi? Iye akatukwanidwe yekha?" Anatsegula chitseko. "Iwe, nyamula kompyuta yako, ili apoyo. Mgwirizano wako uthetse mawa. Ukandibweretsera pepala lina, ndidzakung'ambira pamaso."

"Muthetsa bwanji chaka chisanathe? Pali chindapusa."

"Tuluka!"

Apudeti anatuluka, kompyuta anaisiya. Amayi awo anamutsatira akupukuta misozi, akunena kuti sanaganizepo kuti adzaona tsiku limene mwana wawo wamkulu adzalamulidwe ndi mkazi. Mayi Zithunzi anali atadikira zaka kuti mwamuna wake adzamuikire kumbuyo pamaso pa abale ake, koma lero zitachitika sanamve kukoma kulikonse. Anangopita kuchipinda kukasintha nsapato.

Namwino uja anawalandira kunyumba kwa amayi ake. Pabalaza panali pakadali mipando yobwereka ya pamaliro, itasanjikidwa pakona. Pakhoma, pamwamba pa wailesi, panali msomali watsopano wopanda chokolekapo. Mtsikanayo ataona kuti abwera chimanjamanja, kumwetulira kwake kunazima.

Mwamunayo ndiye anafotokoza. Sanabise kanthu, ndipo sanatchule mng'ono wake. Anati zithunzi zatayika zonse, ndipo cholakwa n'chawo.

Namwinoyo anayang'ana msomali uja.

"Zonse?"

"Zonse, mwanawe," anatero Mayi Zithunzi. "Tibweza zonse munalipira. Ndipo ngati alendo ena anajambulako ndi mafoni, tisonkhanitsa, ndikonza chilichonse mwaulere, ndi manja angawa."

"Mafoni?" Mtsikanayo anatembenukira kwa wojambula uja. "Bambo, mwaiwala? Tisanalowe munaima kutsogolo n'kupempha anthu onse kuti abweze mafoni m'matumba. Munati manja awo akutchingirani. Munati aliyense adzalandira chithunzi chabwino kuchokera kwa inu. Anthu anakumverani. Ndafunsa kale onse. Ali ndi za kovina zokhazokha."

Mwamunayo anaweramitsa mutu.

"Ine sindinawaone n'komwe adadi tsiku limenelo," anapitiriza namwinoyo. "Ndinali ndi mantha kuti agwa. Njira yonse ndinkangoyang'ana mapazi awo. Ndinkati nkhope yawo ndidzaiona pachithunzi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kenako anayang'ana Mayi Zithunzi. "Inu munachiona?"

"Ndinachiona."

"Nthawi yaitali?"

"Yaitali."

"Ndiuzeni mmene chinalili."

Mayi Zithunzi anatsinzina, ndipo chithunzicho chinabwera chonse, mmene chinkaonekera pasikirini.

"Munali pakati pa njira. Kuwala kunkachokera pawindo la kumanzere. Jekete inawakulira, mapewa ake anagwa, ndipo tayi inapendekera mbali imodzi. Dzanja lawo linagwira chigongono chanu mwamphamvu, moti nsalu ya diresi inakwinyika pamenepo. Pamkono pawo pankaoneka kachingwe koyera ka kuchipatala. Ndinafuna kukafufuta, koma ndinakasiya. Inu munaweramitsa mutu. Iwo sankayang'ana kutsogolo ayi, ankayang'ana inu. Chibwano anachitukula chonchi. Sankaseka kwenikweni, koma pakamwa panali potseguka pang'ono, ngati akufuna kuuza anthu kuti, mwamuona mwana wanga?"

Kukhomo la kuchipinda kunamveka kusisima. Amayi a mtsikanayo anali ataima pamenepo atagwira felemu ya chitseko, ndipo palibe anaona pamene anafikira.

Namwinoyo analira mwakachetechete, manja ali pamaondo. Atatha anaimirira n'kutsegula chitseko cha panja.

"Zikomo pondiuza," anatero. "Ndalamazo mutumize pafoni. Kuno musabwerenso."

Awiriwo anatuluka. Dzuwa linali likadali lotentha, ndipo msewu unali wodzadza anthu obwera kokayenda. Anayenda pang'onopang'ono, mwamuna kutsogolo, mkazi pambuyo. Mayi Zithunzi ankaganiza za mawa: situdiyo yopanda kompyuta, zithunzi za ana asukulu zosasindikiza, chindapusa chimene chikubwera, apongozi amene sadzamulankhulanso.

Atakhota pakona ya msewu waukulu, mwamunayo anaima mwadzidzidzi. Tsidya lina, pakhomo la saluni yatsopano, panaima galimoto ya kampani ija, chitseko cha kumbuyo chili chotsegula. Apudeti, Lamlungu lomwelo, ankatsitsa makatoni. Mwini saluniyo, mtsikana wovala epuloni yapinki, ankamugwirira chitseko akumwetulira, uku Apudeti akumulozera pamwamba pa khomo pamene padzakhale kamera.

"Tiyeni tizipita," anatero Mayi Zithunzi motopa. "Lero zakwana."

Mwamuna wake anavula chikwama cha kamera n'kumupatsira.

"Tandigwirirani ichi," anatero.

Anayang'ana uku ndi uku, nadikira kuti basi idutse, kenako anawoloka msewu, kulunjika kwa mwini saluniyo.